Tivi ya Mbuya Wanga

Ndinapita ku koleji ya zauphunzitsi ku Katete nditasiya mwana wanga wamwamuna kwa amayi ku Vubwi. Anali atangosiya kuyamwa, akuyenda mogwira zipupa, ndipo liwu limene ankalitchula bwinobwino linali limodzi, lakuti amama. Za abambo ake tisakambe, angationongere nkhani. Tsiku lonyamuka amayi anandiuza kuti ndisacheuke, poti ndikacheuka ndilira, mwana nayenso alira. Sindinacheuke, koma kulira ndinalira ndithu njira yonse.

Mantha anga anali amodzi, akuti mwana adzandiiwala nkhope. Ndinali nditawaonapo ana a anzanga ogwira ntchito ku Lusaka, amawo akabwera pa Khirisimasi ana n'kumathawira kuseri kwa nkhokwe ngati kwabwera wa jekeseni. Ndiye tinapangana ndi amalume. Pamudzi pathu iwo okha ndiwo anali ndi foni yoonana nkhope. Amayenda pa njinga yamoto kugula mtedza ndi soya m'malire, ndipo kumudzi ankafika Loweruka madzulo n'kuchokanso Lolemba. Vuto la kwathu ndi lakuti ukakhala pabwalo foni imagwira netiweki ya ku Malawi, mayunitsi n'kusungunuka ngati mchere m'madzi. Kuti igwire yakwathu uyenera kukwera kaphiri kamene kali kuseri kwa madimba. Choncho Lamlungu lililonse, anthu akatuluka m'tchalitchi, amayi ankabereka mwana kumbuyo, amalume patsogolo ndi foni, ulendo wa kuphiri. Amayi ndi maondo awo otupa aja ankakwera osadandaula.

Masabata oyamba zinkayenda. Mwana akandiona ankakuwa, kumenya foni ndi kadzanja, nthawi zina kuinyambita, amalume n'kumakalipa kuti iyi si switi. Ine ndinkakhuta nazo sabata yonse.

Hositelo yathu inali kunsi, kumene netiweki ya foni inkafika mwaulesi, yokwanira kumvana mawu basi. Tonse tinkadalira waifai ya koleji. Wophunzira aliyense ankapatsidwa nambala ndi pasiwedi, ndi malo a zipangizo ziwiri pa dzina lake. Deta inkagawidwa Lolemba, aliyense gawo lake, ndipo ukamaliza lako unkadikira Lolemba linalo. Ine ndinali ndi foni imodzi yong'aluka pakona. Ndinkatsegula zolemba za m'kalasi ndi mauthenga, kwinako ndinkasungira Lamlungu.

M'chipinda tinali atatu. Wina anali mtsikana wa ku Sinda, wofatsa, wamapemphero, amene akadzidzimuka Chichewa chinkamuthawa n'kuyamba Chinsenga. Winayo anali wa chaka chachiwiri, Mbemba wa kumigodi ku Kopala, wamtali, wa mawu omveka mpaka kubafa. Ameneyu atangomva kuti ndine wa ku Vubwi anakuwa kuti wapeza mbuya wake, n'kuyamba kufukula chikwama changa, ati akufuna mbewa zimene ndabisa. Mbewa sanazipeze, anatenga botolo la chiponde. Ine ndinamufunsa ngati wabwera ndi mchira wa nyani wa ndiwo za mawa, chipinda chonse n'kufa nazo. Chimbuya cha Abemba ndi ife akum'mawa ndi chimenecho. Mbuya wako amakutukwana, kukulanda chinthu, kukuthira ufa kumutu pa ukwati kapena pa maliro, iwe osaloledwa kukwiya. Wokwiya ndiye amasekedwa kuti sanaleredwe. Ine ndinachikonda poyamba, ndinaona ngati ndapeza mkulu wanga kuchilendo.

Mbuyayu anali ndi tivi yaing'ono yopyapyala, ndi kachipangizo kotalika ngati chala kobaya kuseri kwake. Tinkakatchula kastiki. Kastikiko kakalumikizidwa ku waifai, tivi inkaonetsa mafilimu a mtundu uliwonse. Koma malo ake awiri anali atadzaza kale, foni ndi laputopu. Komanso kastiki kalibe polembera pasiwedi, kanayenera kulembetsedwa pa tsamba la koleji ndi nambala yake yaitali, pa dzina la munthu.

"Iwe mbuya, uli na foni imodzi chabe," anatero tsiku lina tikudya. "Malo enawo ufuna usungiremo mbewa?"

Ndinaseka n'kumupatsa pasiwedi. Abale inu, ndine amene ndinamuwerengera nambala ija pa katoni, iye akulemba. Tivi itayaka ndinaomba nawo m'manja.

Kuyambira pamenepo chipinda chathu chinasanduka holo. Tikangoweruka atsikana a mukhonde lonse ankadzaza pamabedi kuonera filimu ina yosatha, ya mkazi wolemera ndi wantchito wake olimbirana mwamuna wopanda nzeru. Ine ndinkaonera nawo, ndisaname, mpaka kumatukwana nawo mwamunayo.

Lamlungu litafika ndinasamba, ndinapesa, ndinakhala pawindo pamene pali kuwala. Pa foni panangozungulira kagudumu kaja kodikiritsa, nkhope osabwera. Amalume anaimba foni wamba kuti ali pamwamba pa phiri, ine ndili kuti? Ndinazungulira hositelo yonse foni ili m'mwamba ngati ndikuonetsa Mulungu, koma ayi ndithu. Ndinangomva mawu a mwana chapatali akulirira madzi. Ndinkayesa kuti waifai yafa, ndipo ndinaitukwana koleji mpaka makolo ake. Lamlungu lotsatira chimodzimodzi. Mnzanga wa ku Sinda ndi amene anandikokera pambali n'kundiuza monong'ona kuti waifai ili bwino, koma tivi ikudya gawo langa, ndipo pofika Lachinayi limakhala litatha.

Ndinathamangira ku ofesi ya makompyuta. Bambo wa kumeneko anandiuza kuti chipangizo chikalembetsedwa chimachotsedwa poyamba pa teremu pokha, chifukwa ophunzira ankasinthasintha mpaka kusokoneza makina. Teremu inali isanafike n'pakati pomwe. Pasiwedi ndikanasintha, koma kastiki sikankafunsanso pasiwedi, kanali katalowa kale m'nyumba.

Ndinabwerera kukalankhula ndi mbuya wanga mwaulemu wonse. Za mwana ankazidziwa, chithunzi chake chinali pamutu pa bedi langa. Ndinamupempha kuti aziyatsa tivi masiku ochepa kuti pazitsala ka Lamlungu. Ndinalakwitsa kulankhula anthu ali m'chipinda. Mbuya anaimirira pabedi n'kulengeza kuti mbuya wake wakwiya, kenaka anatenga paudala wake n'kundikhuthulira kumutu. Atsikana anagubuduka ndi phwete.

"Mwana wako uzamuona pa holide," anatero. "Nkhope yoipa ngati yako munthu sangaiiwale."

Ndinaseka nawo, mano okha. Khoswe anali atakhala pa mkhate, ndikanamumenya bwanji? Ndikanakalipa, hositelo yonse ikanati wa ku Vubwi uja sadziwa chimbuya. Ndinapita kubafa kukachotsa paudala, ndipo ndinatsegula mpopi mwamphamvu kuti asamve kuti ndikulira.

Ndinayesa njira zina. Kamodzi ndinadzimana sopo n'kugula bandulo, ndinayenda mpaka kumsewu waukulu kumene netiweki ili yamphamvu, koma tsikulo kumudzi kunali maliro, palibe anakwera phiri. Mnzanga wa ku Sinda akanandibwereka foni, koma nayenso malo ake anali atatengedwa ndi wina wa chaka chachiwiri. Potsiriza amalume anandiuza mosabisa kuti sangamakweze mlongo wawo phiri kukaonera kagudumu, maondo afika poipa, tizingolankhulana mawu. Akamuika mwana foni kukhutu ankangopuma, osayankha. Masabata anapita ambiri ndithu.

Masana ena ndili m'chipinda ndi wa ku Sinda uja, mbuya atapita kukasamba n'kusiya tivi yoyaka, ndinaona kachizindikiro pakona pa foni yanga, kabokosi kokhala ndi timizere. Ndinakadina mwachibwana. Filimu inazimiririka, pa tivi n'kubwera zonse zimene zinali pa foni yanga. Mnzangayo anafuula m'Chinsenga, Baibulo n'kugwa pansi. Ndinadinanso, filimu inabwerera. Ndinayesa kachiwiri, zomwezo. Poti foni ndi kastiki zinali pa dzina limodzi, zinkadziwana, ndipo foni yanga inkatha kulamula tivi popanda rimoti. Ndinamuyang'ana mnzangayo, iye anatola Baibulo n'kunena kuti sanaone kanthu. Nkhaniyi ndinaisunga, sindinkadziwa kuti ndidzaigwiritsa ntchito yanji.

Kenaka kunabwera nkhani ya kicheni pate. Mkulu wake wa mbuya, wobadwa naye mimba imodzi, ankakwatiwa ku Kopala, ndipo phwando la amayi lolangiza mkwatibwi linagwera Loweruka la pakati pa mayeso. Mbuya sakanatha kupita. Analira, kenaka anasangalala atamva kuti msuweni wake adzajambula zonse zikuchitika, iye n'kumaonera pompopompo pa tivi. Anatiuza kambirimbiri za nthawi imene ankaiyembekezera, pamene mkwatibwi amalowa ataphimbidwa chitenge thupi lonse, mkwati n'kubwera kudzamuvundukula pamaso pa anthu. Ati akaphonya pamenepo ndiye kuti waphonya ukwati wonse.

Lolemba la sabata imeneyo, deta itangogawidwa, mbuya anazula kastiki n'kukatsekera m'sutikesi. Analengeza kuti sabata ino kulibe filimu, deta isungidwe mpaka Loweruka. Atatero anatembenukira kwa ine n'kundichenjeza kuti ndisamatsegule zinthu zambiri pa foni, ndingamumalizire.

Ndingamumalizire! Gawo langa, dzina langa. Ha! Kani ankadziwa bwinobwino mmene deta imathera. Kani kusunga ankakutha. Masabata onse aja amayi akukwera phiri pachabe, iye ankangoona kuti za mwana wa mnzake si zoti n'kuzimitsira filimu. Ndinavomera mofatsa kuti ndamva, mbuya. Sabata imeneyo sindinakhudze deta ngakhale pang'ono, ndinaisamala kuposa mwini phwando. Iye, poti sakanapirira kukhala osaonera filimu yake ija, ankaionera pa laputopu ndi gawo lake mpaka linatha Lachitatu. Ndinaona zimenezo ndipo mtima unati myaa.

Ndinaimbira amalume kuwapempha kuti abwerere kumudzi Loweruka masana, awanyamule amayi ndi mwana pa njinga mpaka patsinde pa phiri. Anayamba kuwiringula za makasitomala. Nditawauza kuti nkhaniyi ikukhudza Mbemba wina amene wandizunza, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ngati ndi mbuya abwera, ndipo sabwera chimanjamanja. Ndinangowauza kuti kwawo kwa mbuyayo kuli ukwati, zina zonse sindinawauze.

Loweruka chipinda chinadzaza mpaka pakhomo. Mbuya anavala diresi la chitenge chofanana ndi cha abale ake, chimene anamutumizira pa basi. Anagula kumsika chikanda, chija chophikidwa ndi mizu ndi nsinjiro, anakazinga mbuliwuli, anadzola milomo. Ine ndinalowa ndi kapu ya ufa, ndipo pamaso pa onse ndinamuthira kumutu, pa tsitsi lake loluka kumene lija. Atsikana analulutira. Iye anavina n'kundikumbatira, akuuza aliyense kuti lero ndi tsiku la mbuya wake, chilichonse chimene ndingachite n'chololedwa. Ndinaonetsetsa kuti onse amva. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pa tivi ng'oma zinkalira, alangizi akuvina mogwada, mphatso zili mulu. Ine ndinakhala pakona pa bedi langa, foni ili pamiyendo pansi pa chitenge. Amalume anali atafika kale pamwamba, ndinawauza kuti adikire osadula. Mkwatibwi analowa akukwawa, ataphimbidwa yense. Mbuya ankatchula dzina la aliyense wodutsa pa tivi, awa ndi azakhali, awa ndi a kutchalitchi, misozi ili m'maso. Mkwati analowa ndi alongo ake, akuyenda monyada. Anagwada n'kuyamba kupinda chitenge kuchokera kumapazi, pang'onopang'ono, amayi akukuwa. Anafika m'maondo. Anafika m'chiuno. Mbuya anaimirira atagwira pakamwa. Chitenge chitafika pachifuwa ndinadina kabokosi kaja.

Tivi yonse inadzaza nkhope ya amalume, chipewa cha njinga chili kumutu, mano onse pamtunda. M'manja ananyamula mpani wa mbewa zowamba bwino, michira ili lende.

"Mbuya, tamva kuti kuli ukwati," anatero. "Ndiwo ndi izi, musavutike ndi anyani."

Chipinda chinaphulika. Ena anagwa pabedi, wina anatsamwa ndi chikanda, ngakhale wamapemphero uja anabisa nkhope m'pilo mapewa akugwedezeka. Mbuya anatola rimoti n'kudina, ng'oma zinabwerera kamphindi, ine n'kudinanso, mbewa zija mbwee. Anatsegula foni yake, kagudumu. Anakuwa kuti wina amubwereke foni, koma kuti alowe pa akaunti yake pa foni ya wina panafunika nthawi. Apo m'pamene anandiyang'ana n'kuona dzanja langa pansi pa chitenge.

"Mbuya, napapata, chonde, masewera yasila, yatha. Ni mkulu wanga uja."

"Mukamuona pa holide," ndinamuyankha. "Nkhope yake si yoti mungaiiwale."

Atsikana anakuwa kuti asakwiye, mbuya sakwiyiridwa, wanena yekha kuti lero zonse n'zololedwa. Iye anaima pakati pa chipinda, ufa uli kumutu, akuyesetsa kuseka ndi mano okha. Kuseka kumeneko ndinkakudziwa. Ndinamva kukoma, abale, kukoma kofika m'mafupa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimakumvabe.

Kenaka amalume anatembenuza foni. Amayi anali atakhala pamwala, miyendo atatambasula, akupuma mwabefu. Pambali pawo panaima kamnyamata kometedwa mpala, kovala juzi yofiira imene sindinkaidziwa. Kanaima kokha, osagwira kanthu. Anali atatalika, masaya atachepa. Ndinatulutsa foni pansi pa chitenge n'kuiika pankhope, ndinamuitana ndi dzina limene ndinkamuitana pomuyamwitsa. Anayang'ana. Ndinaitananso, ndinaomba lilime monga ndinkachitira kale, iye n'kumangoyang'ana ngati mmene mwana amayang'anira galimoto yachilendo.

"Ndi amako awo," anatero amayi. "Apatse moni amama."

Mwana anabwerera m'mbuyo mpaka kutsamira amayi. Anawagwira pachifuwa ndi kadzanja kaja kankamenya foni.

"Amama awa."

Anazinena momveka bwino, tivi inali yokweza. M'chipinda munati zii. Amayi anayesa kuseka, ati ndi ubwana chabe, azolowera. Amalume anatsitsa mpani wa mbewa. Ndinayamba kanyimbo kamene ndinkamugonetsera, koma mwana anali atatembenuka kale, akutola timiyala.

Mbuya anakhala pansi pang'onopang'ono, rimoti ili m'manja. Ananena motsitsa kuti sankadziwa kuti zifika pamenepa.

"Munkadziwa," ndinatero. "Lolemba munazula kastiki."

Wa ku Sinda anandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti zakwana, ndimubwezere tivi aoneko zotsala. Ndinachotsa dzanja lake. Ndinauza amalume kuti aloze foni kwa mwana ndipo asadule mpaka ndinene. Palibe anatuluka, palibenso anaseka. Mbuya sanadinenso rimoti. Tinakhala chomwecho, chipinda chodzaza atsikana ovala bwino, chikanda chili m'mbale, tikuonera msana wa mwana wanga akuunjika timiyala pamwamba pa phiri. Amayi atati dzuwa lapendeka ndipo kukuzizira, ndinawapempha kuti akhalebe pang'ono. Ndinagwira foni mpaka chithunzi chinauma, kagudumu n'kuyamba kuzungulira. Deta ya sabata imeneyo ndinaimaliza ndekha.

Sindinapepese, ndipo sanandipemphe kuti ndipepese. Kastiki sikanatulukenso m'sutikesi. Atsikana ena ankati ndinapitirira malire, ena ankati ndi chimbuya basi. Lamlungu lililonse lotsatira deta inalipo yochuluka, koma maondo a amayi anatupa kwambiri ndi ulendo uja, sanakwerenso phiri teremu yonseyo.

Lolemba msuweni uja anatumiza zonse zimene anajambula. Ndinamuona mbuya atakhala pabedi ndi laputopu, zomvera zili m'makutu, akuonera chitenge chikuchoka pankhope pa mkulu wake. Anabwezera m'mbuyo n'kuoneranso, n'kubwezanso, mmene anafunira. Zake zinali zitasungidwa. Masabata anga aja palibe anandijambulira.

Pa holide ndinafika kumudzi ndi mabisiketi ndi kagalimoto ka pulasitiki. Mwana analandira zonse atagwira chitenge cha amayi, ndipo anati zikomo atauzidwa. Nthawi yogona itakwana ndinamuyalira pa mphasa yanga, iye anakoka kabulangete kake n'kupita kukagona kwa amayi.